Ndasintha njinga, anzanga akunditcha Yudasi

GiyaYachisanu:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo, mwina wolakwa ndine koma sindikudziona. Kwa zaka 11 ndakhala ndikuyenda pa njinga yamoto ya Honda. Ndinayambira pa ka 125, kenako ndinagula CB500F. Zaka zonsezi takhala tilipo anthu 6 oyendera limodzi Loweruka lililonse, tonse a Honda. Mwezi watha ndinagulitsa yanga n'kugula Yamaha MT-07. Yakaleyo sinandilakwire chilichonse. Ndinangobwereka ya munthu wina tsiku lina, kamtunda kochepa chabe, mtima n'kutsalira pomwepo.

Loweruka loyamba ndinafika pomwe timakumana, ndinaimika bwinobwino, n'kuvula helemeti, kudikira kuti wina anene kuti tailizani timve. Zii. Mmodzi anaizungulira kawiri manja ali m'thumba, kenako n'kundifunsa kuti ndalama 30 zasiliva zija ndazisungitsa kuti. Onse anafa ndi phwete. Ndinaseka nawo poyesa kuti n'zocheza. Koma panjira anandiika kumbuyo kwenikweni, pojambulitsa anati ndikankhire njinga pambali isaononge mzere, ndipo Loweruka lapitali anyamuka osandiuza n'komwe.

Kodi zimenezi n'zoona? Kampani yosadziwa ndi dzina langa lomwe indidanitse ndi anthu amene tanyowera limodzi mvula zaka zonsezi? Amene munasinthapo njinga, zinakutherani bwanji?

PhikoLofiira:
Anzanuwo sanalakwe. Mwataya phiko la pa baji ya Honda n'kukatola mafoloko atatu a pa baji ya Yamaha. Mukufuna tikuombereni m'manja? Kkkk

BuluuNdiMoyo:
Takulandirani kwanu achimwene, mwangochedwa ndi zaka 11. Ndipo inu a PhikoLofiira, amenewo si mafoloko odyera. Ndi tizitsulo tochunira zoimbira. Yamaha inayamba ndi kupanga ma organ ndi mapiyano, njinga yoyamba inatuluka mu 1955. N'chifukwa chake zathu zimaimba pamene zanu zimangong'ung'udza.

PhikoLofiira:
Ndiye mwavomera nokha kuti mumakwera piyano.

Kabawi1300:
Ndewu ya phiko ndi piyano ife a Suzuki timangoonerera tili pamthunzi.

PhikoLofiira:
Tisiye nthabwala pang'ono. Ine sindinena kuti munthu asalidwe chifukwa cha njinga, izo anzanuwo aonjeza. Koma musatiuze kuti mitundu yonse ndi chimodzimodzi. Super Cub inatuluka mu 1958, pofika 2017 anali atapanga zokwana 100 miliyoni. Palibe chinthu china choyendera injini chimene chapangidwa chochuluka chotero padziko lino. Mu 1969 CB750 inabwera ndi masilinda anayi ndi buleki ya disiki kutsogolo, makampani a ku Britain amene ankalamulira msika n'kuyamba kugwa limodzilimodzi. Mwini wake, Soichiro Honda, anali munthu wa m'galaja, manja akuda ndi girisi. Ndikamati ndine wa Honda ndikunena zimenezo, osati utoto wa pathanki.

Kabawi1300:
Mwalankhula bwino bwana, koma mbiri yanu mwaidumphitsa tsamba limodzi. Honda inatulutsa njinga ina n'kuitcha Super Blackbird, inali yothamanga kuposa zonse nthawi imeneyo. Mu 1999 Suzuki inatulutsa Hayabusa. Mukudziwa tanthauzo lake? Ndi dzina la Chijapani la mtundu wa kabawi amene amagwira mbalame zinzake m'malere, blackbird yomweyo ndi ndiwo yake. Inapitirira 300 km pa ola, mpaka makampani anagwirizana okha kuti basi tisamapitirire pamenepa, boma lingatiletse zonse. Ndiye ngati makampani eni ake amatukwanizana ndi maina a njinga, ife tilekerenji?

TcheniYothina:
Inu a Kabawi1300, Hayabusa muli nayo kapena muli ndi chithunzi chake pafoni?

Kabawi1300:
Ndili ndi 150. Koma magazi ndi amodzi.

TcheniYothina:
Kkkkk ndafa ine. Mwana wa nkhuku akudzitama ndi mapiko a kabawi.

Mkokomo45:
Nonsenu mukukangana za makina osokera. Njinga ndi Harley-Davidson, 1903, Milwaukee. Ukailiza, chifuwa chimanjenjemera, agalu a mtunda wonse amadziwa kuti kwabwera munthu. Zinazi ukatseka maso sungadziwe ngati ikudutsa ndi njinga kapena wina akumeta kapinga.

Kabawi1300:
Za makina osokera mwaphonya pang'ono madala, ife tinayamba ndi makina oombera nsalu, 1909. Sitichita nazo manyazi.

BuluuNdiMoyo:
Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, a Mkokomo45. Paja kampani yanu inafuna kulembetsa phokoso lenilenilo kuti likhale lake lokha? Anakapereka pempho mu 1994, makampani ena anatsutsa, mu 2000 anangozisiya. Ndipo ndani anathamangira ku boma la pulezidenti wa America Ronald Reagan kukalira kuti njinga za ku Japan zikutimaliza? Mu 1983 anaonjezera msonkho wa 45 peresenti pa njinga zakunja zopitirira 700cc. Ajapani anangochepetsa ma 750 awo kuti atsike pansi pa 700, malonda n'kumapitirira.

Mkokomo45:
Mwaiwala kunena kuti mu 1987 Harley yomweyo inapempha kuti msonkhowo uchotsedwe nthawi yake isanakwane, poti inali itaima payokha. Nkhani muzinena yonse. Zoti kampaniyi inadutsa m'zaka zovuta palibe amakana. Kuyambira 1969 mpaka 1981 inali m'manja mwa kampani ina yotchedwa AMF, ndipo nthabwala zonse za dontho la oilo pansi pa njinga zinabadwa nthawi imeneyo. Mu 1981 mabwana 13 a pakampanipo anaigula n'kuidzutsa. Ife timaikonda chifukwa inagwa n'kudzuka. Inu simungamve.

Sipanala10:
Ndakhala ndikuwerenga ndili duu, tsopano ndilankhuleko monga munthu amene amazitsegula m'mimba njinga zimenezi. Ntchito ya umakaniko ndaigwira zaka zoposa 20, ndipo pabenchi panga padutsa pafupifupi mtundu uliwonse umene mwatchula.

Choyamba, a GiyaYachisanu, chimene chinakugwirani mtima si mafoloko atatuwo. Ndi kiranki, chitsulo chimene mapisitoni amazungulitsa m'kati mwa injini. CB500F yanu ija ndi ya masilinda awiri, mapisitoni ake amasinthana pa madigiri 180, wina akamakwera wina akutsika. MT-07 ndi ya masilinda awiri yomwe, koma kiranki yake ndi ya madigiri 270, ndiye kaphulikidwe ka moto n'kosiyana ndi ka CB ija. Imamveka ngati ikudumpha sitepe, ngati V-twin (injini ya masilinda awiri oimikidwa ngati V), ndipo ukapotokola pang'ono pa liwiro lotsika imakukankha kumsana. Chimenecho n'chimene munachimva pa kamtunda kochepa kaja. Tsono chosekesa n'chakuti Honda nayo ili ndi injini za 270, Africa Twin ndi Hornet ya 750 ija. Suzuki nayo inatulutsa GSX-8S, 270 yomweyo. Mukanayesa imodzi mwa zimenezo mwina bwenzi lero mukujambulitsa pakati pa mzere.

Chachiwiri, mukavula mapulasitiki mumapeza maina omwewo. Pulagi NGK kapena Denso. Mabuleki Nissin kapena Brembo. Mafoloko akutsogolo Showa kapena KYB. ABS nthawi zambiri Bosch. A Mkokomo45 musakwiye, koma Harley zambiri zimene ndatsegulapo kabyuleta yake inali Keihin, mafoloko Showa, zonse za ku Japan. Zinthu zimene mumazitcha makina osokera ndi zomwe zimamwetsa petulo mkokomo wanuwo.

Chachitatu, baji ya pathanki siikuuzani kumene njinga inabadwira. BMW G 310 anaipanga ndi a TVS ku Hosur, India. KTM zing'onozing'ono, 125, 200, 390 Duke, zimatuluka m'fakitale ya Bajaj ku Chakan pafupi ndi Pune. Triumph Speed 400 nayo ndi Bajaj. Harley X440 ndi Hero, ya ku India komweko. Triumph zikuluzikulu zambiri zimachokera ku Thailand. Ndinaonapo mnyamata wa 390 Duke akunyoza mnzake wa Bajaj Pulsar kuti akukwera njinga ya amphawi, osadziwa kuti ziwirizo ndi za bambo mmodzi. Anyani sasekana zikundu.

Chimene chimasiyanitsa njinga zobwera kwa ine si mtundu. Ndi mwini wake. Wina amasintha oilo pa nthawi yake, fyuluta ya mpweya amaitsuka, tcheni amaiyang'ana. Wina amabwera oilo atasanduka phala lakuda n'kumati mtundu uwu ndi wachabechabe.

MwanaWaLalanje:
A Sipanala10 mwatilasa ife a 390, koma palibe bodza. Chokhacho, kupangira ku India sikuchotsa kuti anaijambula ndi a ku Mattighofen, kwawo kwa KTM ku Austria. Ndipo pa Dakar, mpikisano wa m'chipululu uja, tiyeni tisayambe. KTM inapambana ka 18 motsatizana, 2001 mpaka 2019.

PhikoLofiira:
Nanga 2020 anakuimitsani ndani? Ricky Brabec, pa Honda. Pitirizani kuwerenga.

FumbiGS:
Ana inu. Dakar yoyamba, 1979, anapambana Cyril Neveu pa Yamaha XT500. Hubert Auriol anapambana pa BMW mu 1981 ndi 1983. Nthawi imeneyo lalanje lanu la KTM linali lisanapse. Ndipo njinga zonse zazitali zoyenda pa tara ndi pafumbi zimene mukuzikonda lerozi, njira anailambula ndi BMW R 80 G/S mu 1980.

TcheniYothina:
A FumbiGS, GS yanu inayamba yapondapo fumbi? Kapena mabokosi a aluminiyamu aja mumangonyamuliramo jekete?

FumbiGS:
Munthu wotchedwa TcheniYothina asandiphunzitse za njinga. Ine ndilibe tcheni, ndili ndi shafti. Pamene inu mukugwada pansi ndi kaburashi, ine ndimakhala nditafika kale.

TcheniYothina:
Poti mwaitchula tcheni, ndifunseko a Sipanala10. Oilo wakale wotsitsa mu injini ndingamapake pa tcheni? Mnzanga akuti sipule ndi kuononga ndalama.

Sipanala10:
Wotsitsa mu injini ayi. Muli tizitsulo tosaoneka ndi maso ndi zonyansa zina, ndipo ndi wopyapyala, amangowazikira pa tayala lakumbuyo. Oilo pa tayala ndi ngozi. Ngati mulibe sipule, pakani oilo wa giya, 80W-90, pang'ono chabe, tcheni ikadali yofunda mutangofika, kenako pukutani wotsalayo ndi kansanza. Ngati tcheni yanu ndi ya O-ring musatsuke ndi petulo, amaononga timphira tija. Parafini ndiye bwino. Komanso dzina lanulo likundidetsa nkhawa. Tcheni siyenera kuthina. Izisewera pang'ono pakati, njinga zambiri za pamsewu masentimita 2 kapena 3, onani pa kastika ka pa swingarm (chitsulo chogwira tayala lakumbuyo) kapena m'buku. Yothina kwambiri imadya masiproketi ndi beringi ya kugiyabokosi.

TcheniYothina:
Ndiye ndisinthe dzina?

Kabawi1300:
Mukasintha tikutchani Yudasi.

GiyaYachisanu:
Kkkk abale, nkhani yanga yathera pa girisi.

MdalaWaKiki:
Ibwerere nkhani ya mwanayu. Ine ndinayamba kukwera njinga kulibe zodina batani, unkachita kuimenya kiki mpaka thukuta, ikakubwezera n'kukutupitsa katumba sabata yathunthu. Chipsera cha ekizosi pa mwendo wakumanja ndili nacho mpaka lero, chozungulira ngati chivindikiro cha botolo.

Ndikuuzeni kanthu kamene ambiri simukadziwa. Ku Germany kunali kampani ya DKW, inali ndi kanjinga kotchedwa RT 125, ka two-stroke. Nkhondo yachiwiri itatha, mapulani a kanjinga kameneka anatengedwa ndi amene anapambana nkhondo. Ku Britain kanatuluka ngati BSA Bantam. Ku America kanatuluka ngati Harley-Davidson ya 125. Ku Soviet Union anapanga kawo. Ndipo Yamaha yoyamba ija, YA-1 ya 1955, anaonera pomwepo. Ndiye a Mkokomo45 ndi a BuluuNdiMoyo, pamene mukulozana zala apa, dziwani kuti pena pake agogo anu ndi amodzi.

Tsono za ine. Pa unyamata wanga ndinali woipa kuposa anzanu aja. Ndinali ndi mtundu wanga umodzi, wokwera mtundu wina ndikakumana naye panjira sindinkamukwezera dzanja. Tsiku lina usiku, kutali ndi nyumba za anthu, njinga yanga inangozima yokha, magetsi onse thii. Sinditchula mtundu wake poti ena mungayambe kuvina. Ndinamenya kiki mpaka mwendo kuuma. Patapita nthawi ndinaona kanyali kakubwera, kumva kulira kwake ndinadziwiratu kuti ndi mtundu uja ndinkaunyoza. Mumtima ndinati bola apitirire. Anaima. Sanafunse zambiri, anatembenuza njinga yake kuti nyali iunikire yanga, anagwada, anatsegula kachivindikiro ka m'mbali, n'kupeza kuti waya wa pa fyuzi wadyeka ndi kugwedera. Anausenda ndi mano, anaulumikiza, anamata ndi tepi imene ankasunga atakulunga pa sipanala. Kenako ananditsatira pambuyo mtunda wonse kuopa kuti ingazimenso. Pofika pamphambano anangoliza hutala n'kukhota. Dzina lake sindilidziwa mpaka lero.

Sindikunena kuti kuyambira pamenepo ndinasanduka mngelo. Mtundu ujabe sindinaugule, ndipo sindidzaugula, mpando wake umandipweteka msana. Koma dzanja ndimakweza.

BuluuNdiMoyo:
Madala mwatiphunzitsa. Koma tiuzeni chabe, wokuthandizaniyo anali pa Yamaha eti?

MdalaWaKiki:
Mwanawe, ndati sinditchula.

DukeWaAchemwali:
Ine ndimaseka ndikamaona amuna akuluakulu akutayana chifukwa cha baji. Ife akazi tikafika pagulu funso loyamba silikhala la mtundu wa njinga, limakhala lakuti kodi ndi ya amuna anu? Ndinasankha yanga chifukwa chimodzi chokha: nditakhalapo mapazi anafika pansi, ndipo itagwa ndimatha kuidzutsa ndekha. Ndinayesa zinayi za makampani osiyana. Ina inali yokongola zedi koma ndinkaima chonyang'ama ngati ndikuthyola chipatso. Ikanakhala ya mtundu wina uliwonse yondikwana chonchi ndikanagula. A GiyaYachisanu, ngati anzanuwo akufuna mzere wa utoto umodzi, agule mapensulo.

Mkokomo45:
Achemwali, bwerani kuno kwathu. Mipando yathu ndi yotsika kuposa yonse.

DukeWaAchemwali:
Yotsika inde, nanga kulemera? Ikagwa mudzabwera kudzandidzutsira inuyo?

Mkokomo45:
Siigwa. Imangopuma chogona.

WofiiraDesmo:
Ndachedwa kufika koma ndiyikepo mawu. Zoti zonse n'chimodzimodzi, a Sipanala10, pamenepo ndikukana. Ducati ili ndi mavavu a desmo, otsekedwa ndi kamu osati sipuling'i, kuyambira nthawi ya Fabio Taglioni. Chimenecho simuchipeza pa njinga ina ya pamsewu. Pali zinthu zimene kampani imakhala nazo ngati chibadwa.

Sipanala10:
Sindinati zonse n'chimodzimodzi bwana, ndati zambiri zam'kati zimachokera kumodzi. Desmo ndi yanu, palibe akulanda. Ngakhale Multistrada V4 anaibwezera ku masipuling'i, ndipo dziko silinathe. Paja Ducati inayamba ndi zipangizo za wailesi ku Bologna mu 1926, ndipo kuyambira 2012 ili pansi pa Audi. Chibadwa chimasintha.

Kabawi1300:
Piyano, nsalu, wailesi. Palibe anabadwa ali njinga apa.

ZobiriwiraZ1:
Kawasaki inayamba ndi sitima zapamadzi, imapanganso sitima zapamtunda ndi ndege. Njinga timangopanga pocheza, komabe Z1 ya 1972 ndi H2R zinakukhalitsani pansi nonse.

BuluuNdiMoyo:
Funso la a GiyaYachisanu linayankhidwa kalekale ndi Valentino Rossi. Anatenga ukatswiri wadziko lonse pa Honda 2001, 2002, 2003. Anthu ankati ikupambana ndi njinga, aliyense atakwera angapambane. Anachoka n'kupita ku Yamaha imene inkavutika, mpikisano woyamba wa 2004 ku Welkom, South Africa, anapambana, chaka chomwecho n'kutenganso chikho. Ngati Rossi anachoka ku Honda kupita ku Yamaha dziko n'kumuimbira m'manja, inu mukuopa anthu asanu?

PhikoLofiira:
Pitirizani nkhaniyo. Anapita ku Ducati 2011 ndi 2012, anapambana kangati? Ziro. Ndiye njinga ili ndi mbali yake.

WofiiraDesmo:
Casey Stoner anatenga chikho pa Ducati mu 2007, vuto silinali utoto wofiira. Nanga Marc Márquez wanu uja, zikho 6 za MotoGP pa Honda, kumapeto kwa 2023 anapita kuti, si ku Ducati? Naye ndi Yudasi?

PhikoLofiira:
Imeneyo musaikhudze, bala lake silinapole.

NgodyaYakumanzere:
Ine ndiimire anzawo a GiyaYachisanu pang'ono, poti onse mwawaweruza asanalankhule. Kuyenda gulu la mtundu umodzi si kunyada kokha. Kuli ndi nzeru yake. Mukakhala pa njinga zofanana, masipeya mumagawana: wina wanyamula kebulo ya kilatchi, wina maliva, wina mapulagi, ndipo zonse zimalowa pa njinga ya aliyense. Liwiro lanu limafanana, petulo amakutherani nthawi imodzi, mumaima limodzi. Pakalowa njinga yamphamvu kuposa zinazo, mwini wake amayamba kutsogola, enawo n'kumadzikakamiza kuti asatsalire, ngozi zambiri za pagulu zimayamba choncho. MT-07 ndi pafupifupi 690cc, anzanuwo ngati ali pa ma 500 kusiyana kulipo ndithu. Mwina kukuikani kumbuyo chinali chifukwa chimenecho.

Komanso munthu ukakhala ndi mtundu umodzi nthawi yaitali umaudziwa ngati mwana wako. Kaphokoso kachilendo umakamva msanga. Makaniko wako amaudziwa. Zimenezo si zopusa. Chopusa ndi kuyesa kuti amene wasankha zina wakunyoza iweyo. Koma ndikufunseni achimwene, musanagule munawauza? Kapena anangoona mwatulukira?

GiyaYachisanu:
Kunena zoona sindinawauze. Ndinkafuna kuwadzidzimutsa.

NgodyaYakumanzere:
Ndiye adzidzimuka.

FumbiGS:
Makampani eni akewo amakangana masana, usiku n'kumadyera limodzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Yamaha inalengeza kuti ikufuna kulanda Honda mpando wa nambala wani. Honda inayankha ndi kutulutsa mitundu yatsopano motsatizana ndi kutsitsa mitengo, mpaka Yamaha inatsala ndi njinga zosagulidwa zodzaza m'nyumba zosungiramo katundu, mu 1983 n'kuvomera kuti yagonja. Nkhondo yeniyeni. Koma mu 2016 awiri omwewo analengeza mgwirizano, ndipo kuyambira 2018 Honda inayamba kupangira Yamaha timasikuta ta 50cc togulitsa ku Japan. Baji ya Yamaha, fakitale ya Honda. Kauzeni anzanuwo zimenezo.

CB_Wachitatu:
Ndakhala ndikuwerenga kuyambira m'mawa, ndimati ndisayankhe koma zafika pena. Ine ndine mmodzi wa anthu asanu akunenedwawo. Achimwene a GiyaYachisanu, moni. Nkhani mwaikamba bwino koma mwaidula miyendo.

Za Yudasi ndinanena ndine, ndipo zinali zocheza, inunso mukudziwa mmene timachezera. Za chithunzi, chabwino, pamenepo tinaonjeza, pepani. Koma auzeni anthuwa za bokosi. Zaka zonsezi takhala tikusonkha masipeya a gulu: maliva, makebulo, mapadi a mabuleki, mafyuzi, zomatira matayala, ndi kapampu kaja. Bokosi limenelo linkakhala kwa inu poti ndinu munali ndi malo. Pogulitsa njinga munamupatsa wogulayo bokosi lonse ngati banyira. Sitinamve kwa inu, tinamva titafunsa liva mnzathu atagwetsa njinga.

Chachiwiri, mng'ono wathu uja wa ka 125, wamng'ono pa tonse, anakuuzani kangati kuti tsiku limene mudzagulitse CB yanu mudzayambe mwamuuza iye? Wakhala akusunga ndalama chaka chathunthu. Njinga imeneyo ankaitsuka ndi iye tikabwera ku ulendo. Anaiona ikudutsa pamsewu ili ndi munthu wachilendo. Loweruka lija simunamuone kuti sanaseke nawo?

Ndiye Yamaha yanuyo ayi, ndi njinga yabwino, ine ndomwe ndinaizungulira kawiri chifukwa inandisangalatsa, ndinangosowa pokuuzirani. Mukanagula ngakhale Honda ina, Loweruka lapitali tikanakusiyanibe.

TcheniYothina:
Eeee. Nkhani yatembenuka.

Kabawi1300:
Ndiye tatha tsiku lonse kutukwanizana za Reagan ndi Rossi pamene mlandu ndi wa kapampu?

DukeWaAchemwali:
Za mapensulo zija ndabweza. Koma amuna inu, kungonena kuti bokosi lathu lili kuti zinakukanikani mpaka munthu achite kusiyidwa osauzidwa?

CB_Wachitatu:
Achemwali, pamenepo mwatigwira. Tinayesa kuti adziwa yekha.

GiyaYachisanu:
Achimwene a CB_Wachitatu, sindinadziwe kuti muli muno. Za bokosi ndilibe mawu, ndinalakwa. Wogulayo anafika madzulo, anali pachangu, ine mutu unali kale pa njinga yatsopano, ndinangotola zonse zolembedwa Honda m'galaja n'kumupatsa poganiza kuti sindidzazifunanso. Kuti si zanga ndekha sizinandibwerere n'komwe. Ndibweza chimodzichimodzi, nditumizireni mndandanda. Kapampu kokha kalipo, kanali m'chikwama china.

Za mng'ono wathuyo ndiye zandilasa. Ndinkayesa ankangonena mocheza monga amachitira ana akaona njinga yaikulu. Ndimuimbira madzulo ano. Sindikudziwa kuti ndikayambira pati.

MdalaWaKiki:
Osamuimbira. Pitani. Ndipo musapite pa njinga yatsopanoyo.

Sipanala10:
Ngati mnyamatayo akufunabe 500, muperekezeni pokaona ina. Inu mwakhala nayo zaka, mukudziwa poyang'ana. Injini aiyatse ili yozizira inu muli pomwepo, osati mupeze ataitenthetsa kale. Onani mano a siproketi ngati sanapindike ngati minga, mafoloko ngati sakudontha, ndipo muikweze kutsogolo mugwedeze chiwongolero mumve ngati beringi ili ndi pogwira.

PhikoLofiira:
Mfundo yaikulu apa ndi yakuti mwanayo akufuna Honda. Ali ndi nzeru.

BuluuNdiMoyo:
Sanayesebe MT. Achimwene mukamubwereke kamtunda kochepa chabe.

CB_Wachitatu:
Mukayerekeza kumubwereka ndiye mlandu wachiwiri. Loweruka 6 koloko, malo omwe aja. Mubwere ndi kapampu. Kumbuyo mukhalabe, osati chifukwa cha mkwiyo, koma wa njinga yamphamvu ndiye amatseka mzere, ndi lamulo lomwe munaika nokha nthawi imene munali ndi 500 ife tili pa ma 125.

GiyaYachisanu:
Lamulo limenelo ndinaliiwala. Nanga pachithunzi?

CB_Wachitatu:
Kumapeto kwa mzere, ndipo baji iyang'ane kutchire.

TcheniYothina:
A Sipanala10 musanachoke, ndamasula tcheni ija mwanena, tsopano ikugunda pa swingarm. Ndaonjeza?